Kalembedwe ka nthano yamatsenga yosintha munthu popanda kulalikira

Nthano zambiri zomwe achinyamata a kuno ku Mangochi amandipatsa kuti ndiwerenge zimafera malo awiri. Malo oyamba ndi pamene chodabwitsa chachitika, wolemba n'kuimitsa nkhani kuti atiuze komwe mphamvuyo idachokera, sing'anga amene adaikonza ndi mizu yomwe adasakaniza, mpaka masamba awiri kutha. Malo achiwiri ndi kumathero. Nkhani yatha bwinobwino, koma wolemba n'kuwonjezera ndime yakuti "choncho abale anga tiyeni tisiye umbombo". Owerenga amatopa pa malo oyamba aja, ndipo pa achiwiriwa amaona ngati awayesa ana osamva.

Nanenso ndidagwa m'mbuna yomweyi. Nthano yanga ya msodzi ndi nkhafi ndidakawawerengera anganga ku Malindi, titakhala pakhonde dzuwa likulowa. Ndili pakati pofotokoza mbiri ya nkhafiyo adandidula: "Mdzukulu wanga, za komwe idachokera wakufunsa ndani? Ine ndikufuna ndimve kuti mnyamatayo adatani nayo." Ndidailembanso yonse, ndipo ndi yomweyo imene ndiigwiritse ntchito pano ngati chitsanzo.

Zofunika kukhala nazo

Kope ndi cholembera. Mukhoza kudzataipa pafoni pambuyo pake, koma poyamba lembani pamanja kuti muziona zomwe mwafufuta.

Kapepala kakang'ono kapadera, kosamatidwa m'kope. Ntchito yake muiona pa sitepe yachiwiri.

Foni yotha kujambula mawu.

Munthu wamkulu mmodzi wodziwa nthano, anganga kapena mjomba, woti mukhale naye madzulo amodzi. Mukapita musanyamule mafunso ambiri. Apempheni akusimbireni nthano ziwiri, inu muziyankha "tilitonse" basi, kwinaku mukumvetsera pomwe akuthamanga ndi pomwe akuchedwa.

Malo amodzi omwe mumawadziwa ndi mapazi anu: doko, msika, chigayo, siteji ya kabaza, dimba.

Omvera awiri kapena atatu, mmodzi akhale mwana wa kupulayimale.

Sabata imodzi yathunthu, chifukwa nthano yolembedwa lero n'kutumizidwa lero imakhala yosapsa.

Sitepe 1: Yambani ndi munthu, matsenga adikire

Sankhani mpangankhani wamkulu mmodzi ndipo mumupatse khalidwe loipa limodzi lokha. Umbombo, bodza, nsanje, kunyoza makolo, mantha: tengani chimodzi. Mukamusenzetsa zonse sakhalanso munthu, ndipo palibe angamumvere chisoni.

Kenako lembani zinthu zitatu zimene amachita zoonetsa khalidwelo. Wanga ndidamutcha Yusufu, msodzi wa matchera wokhala ndi bwato lake. Akafika padoko m'mawa amavundikira nsomba ndi thumba asanakocheze. Ana omuthandiza kukokera bwato pamchenga amawabweza chimanjamanja, pomwe aliyense akudziwa kuti wothandiza amapatsidwa ka ndiwo. Mbale ya mayi wamasiye woyandikana naye amaiona n'kuyang'ana kumbali. Mawu akuti "woumira" sindidawalembe paliponse, koma palibe wowerenga amene angakaike.

Chenjezo: mufunikanso kudziwa chifukwa chake ali chonchi. Yusufu adakula ndi njala bambo ake atamwalira, mjomba wake atatenga maukonde onse. Chifukwachi musachitchule koyambirira, chisungeni. Mu nthano yamtunduwu chofunika kufotokozedwa ndi mtima wa munthu, ndipo apa ndi pomwe muyenera kuthera inki yanu yambiri.

Sitepe 2: Lembani phunziro pakapepala, mukabise

Pakapepala kaja lembani phunziro la nthano yanu m'chiganizo chimodzi. Ine ndidalemba mwambi wakuti "kupatsa n'kuika". Kapindeni, mukaike pansi pa pilo kapena m'thumba la malaya. Mawu amenewo asapezeke m'kamwa mwa mpangankhani aliyense, ngakhale m'mutu wa nthano. Ntchito ya kapepalako ndi kukuwongolerani mukasochera, komanso kudzayesera omvera anu pa sitepe yomaliza.

Chenjezo: ngati phunziro lanu silikukwana m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti muli ndi nthano ziwiri. Lembani imodzi.

Sitepe 3: Sankhani chinthu wamba chimodzi

Matsenga amagwira mtima akakhala m'chinthu chimene owerenga adachigwirapo. Nkhafi, lichero, chigoba choyezera usipa, mthiko, belu la njinga ya kabaza, chipatso cha mlambe. Chinthucho chigwirizane ndi khalidwe la munthu wanu. Wabodza mungamupatse ndowa yomwe imadontha akanama. Wansanje mungamupatse galasi lomwe limaonetsa mbale ya mnzake nthawi zonse. Yusufu ndidamupatsa nkhafi chifukwa ndi chimene amagwira tsiku lililonse, ndipo kulemera kwake amakumva m'mapewa.

Chenjezo: chinthu chikhale chimodzi. Mukawonjezera mphete yowuluka ndi nsomba yolankhula, owerenga aleka kudabwa chifukwa chilichonse chayamba kutheka.

Sitepe 4: Ikani lamulo limodzi ndi mtengo wake

Apa ndi pomwe pagona nthano yonse, choncho musafulumire.

Kumbukirani nthano ya makolo ya Kamdothi. Mayi wosowa mwana adaumba mwana wadothi, mwanayo n'kuyamba kuyenda ndi kusewera. Palibe agogo amene adaimapo kuti afotokoze mmene dothi lidapezera mpweya, ndipo palibe mwana amene adafunsapo. Chimene tonse tidagwira ndi lamulo: mvula isamugwere. Mtambo ukangoda, mitima yathu inkakhala m'mwamba. Komwe mphamvu idachokera sitidauzidwe, koma malire ake tinkawadziwa bwino lomwe. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene olemba ambiri sakuona. Akamva kuti matsenga asafotokozedwe amaganiza kuti akhoza kuchita chilichonse nthawi iliyonse, ndiye nthano imasanduka phala.

Lembani zinthu zitatu m'kope mwanu. Choyamba, chinthucho chimapereka chiyani? Nkhafi ya Yusufu imalunjikitsa bwato pomwe pali nsomba. Chachiwiri, chimafuna chiyani? Nsomba yoyamba kuwonjoledwa ipite kwa munthu woyamba kukumana naye padoko. Chachitatu, akaphwanya chimachitika n'chiyani? Nkhafi imalemera, ndipo kulemerako kumawonjezeka tsiku lililonse limene wakana.

Onetsetsani kuti lamulolo likulasa pabala penipeni. Kwa munthu wopatsa, lamulo la nsomba yoyamba si kanthu, angalisunge osazindikira n'komwe. Kwa Yusufu ndi minga. Ngati lamulo lanu lingasungidwe ndi mpangankhani wanu popanda kuwawa, lisintheni.

Chenjezo: lamulo likaikidwa lisasinthe kuti likupulumutseni pomwe nkhani yakuvutani. Owerenga amakhululuka zosatheka, koma chinyengo cha wolemba amachigwira msanga. Chinanso, pewani nkhalamba yotulukira kuchokera kosadziwika kudzalengeza lamulo. Yusufu adalidziwa ndi thupi lake. Tsiku loyamba chambo chidapulumuka m'manja mwake, kamwana n'kuchitola n'kuthawa nacho, ndipo mawa lake nkhafi idapepuka ngati bango. Tsiku lachiwiri adabisa zonse, mawa lake mkono udachita dzanzi asanafike pakati pa ulendo. Wowerenga akazindikira lamulo yekha, mwina msanga kuposa Yusufu, amamva kuti nthanoyo ndi yake.

Sitepe 5: Lowetsani chodabwitsa m'ziganizo zochepa, zina zonse zikhale zoona

Chodabwitsa chifike mosachita phokoso, ngati mlendo wozolowereka. Umu ndi mmene ndidalembera nditachotsa masamba awiri aja:

"Kutatsala pang'ono kucha nkhafi yake idathyoka. Bwato lidayamba kuzungulira lokha, chilumba cha Boadzulu chikuoneka mbuu chapatali. Adamva china chake chikugunda m'mbali mwa bwato, gu, gu. Atasuzumira adaona nkhafi yakuda bii, chogwirira chake chosalala ngati chidadutsa m'manja ambiri. Adaitola. Atangoiviika m'madzi, bwato lidawongoka."

Basi. Mwini wake ndani, idagwa liti, sitikudziwa ndipo sitidzadziwa. Amene adapitapo ku Cape Maclear akudziwa Mwala wa Mphini, uja uli ndi mizere ngati mphini za pankhope. Anthu amaima, kuuyang'ana, aliyense n'kuchoka ndi maganizo ake. Chodabwitsa cha m'nthano yanu chisiyireni mpata womwewo.

Koma kuti chinthu chimodzi chosatheka chikhulupirike, zinthu zina zonse zozungulira ziyenera kukhala zolondola. Apa ndimaumirira kwambiri chifukwa owerenga a m'mbali mwa nyanja sapusitsika. Usipa amaupha usiku wamdima, siginala atayatsa nyali kuti ausonkhanitse khoka la chilimira lisanaponyedwe, ndiye mukalemba kuti alovi (asodzi okoka khoka) adadzaza boti mwezi ukuwala ngati masana, msodzi wa ku Makawa aleka kuwerenga pomwepo. Mwera umachokera kummwera ndipo umavuta nyengo yozizira, cha m'ma Juni ndi Julayi, musaubweretse pa Khirisimasi. Kuyambira Novembala pamakhala nyengo yoletsa maukonde ena kuti chambo chiswane. Madzi a mtsinje wa Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi, kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera kunyanja ya Malombe, choncho bwato losiyidwa lokha pamenepo silingakwerere kumtunda pokhapokha ngati ndicho chodabwitsa chanu. Ngati nthano yanu ili kumapiri a Namwera, musaikemo kutentha kwa pa boma. Chomwe simukuchidziwa, pitani mukafunse amene amachigwira.

Chenjezo: mawu akuti "modabwitsa", "mwamatsenga" ndi "mosayembekezereka" afufuteni. Ngati chachitikacho n'chodabwitsa, owerenga adabwa okha.

Sitepe 6: Muyeseni katatu, mayeso azinka nawawa

Nthano za makolo zimakonda katatu, ndipo pali nzeru yake. Koyamba timaphunzira lamulo, kachiwiri timaona munthu akulizemba, kachitatu amasowa kothawira.

Pa mayeso oyamba Yusufu adapereka, koma adasankha kansomba kakang'ono m'malo mwa yoyamba. Nkhafi idalemera. Pa achiwiri adachenjera: adauza mkazi wake kuti azikhala woyamba kufika padoko, kuti nsomba izibwerera mumphika wake womwe. Nkhafi idalemera mpaka bwato kupendekera mbali imodzi, anzake n'kumamufunsa ngati wanyamula mwala. Gawo lozembali lipatseni malo okwanira, chifukwa ndi m'mene owerenga amadzionera okha. Tonsefe tisanasinthe timayamba tayesa kunamiza lamulo.

Mayeso achitatu ndiwo pampondachimera. Nsomba yoyamba idali kampango wamkulu yemwe adalonjeza kale kwa wogula wa kumalo ogona alendo. Munthu woyamba padoko adali mjomba uja, atakalamba, maso akuchita nkhungu, kambale kali m'manja. Apa ndi pomwe mutulutse chifukwa chimene mudasunga pa sitepe yoyamba, m'ziganizo zitatu kapena zinayi: usiku umene Yusufu ali mwana adagona ndi njala akumva fungo la nsomba kuchokera kunyumba ya mjombayo. Kukambirana kwawo kukhale kochepa ndiponso kwaulemu wa kwathu. "Mwadzuka bwanji, mjomba?" "Ndadzuka, mwanangu. Kaya kunyanjako?" Zotsalazo zichitike ndi manja.

Chenjezo: musamupeputsire. Mjomba asapepese kaye kuti kupatsako kuphweke. Yusufu apereke chilonda chikadali chosapola.

Sitepe 7: Chotsani matsenga, muone ngati wasinthadi

Iyi ndiyo sitepe imene ambiri amaidumpha. Munthu amene akuchita zabwino chifukwa nkhafi ikumulemera sadasinthe, akungoopa. Kuti tidziwe zoona, nkhafi ichoke. Mu nthano yanga mwera udawomba, nkhafi idapulumuka m'manja n'kumira, osayandamanso. Sindidafotokoze chifukwa chake, monganso sindidafotokoze kubwera kwake.

Kenako mubwezereni m'mavuto ake akale. Masabata apita, nsomba zasowa m'nyanja, Yusufu akubwera ndi tinsomba titatu tokha. Palibe chomukakamiza, palibe mphotho, palibe womuona. Padoko paima kamwana ndi mbale. Chimene achite apa ndicho nthano yonse.

Chenjezo: musamulipire pompopompo. Akapereka n'kupeza chuma mawa lake, mwaphunzitsa malonda.

Sitepe 8: Malizani ndi chochitika, mukweze cholembera

Bwererani ku zinthu zitatu za pa sitepe yoyamba, mutengepo chimodzi n'kuchitembenuza. Yusufu ankavundikira nsomba ndi thumba asanakocheze. Chiganizo changa chomaliza chimamuonetsa akupinda thumbalo n'kulikhalira. Mukafika pa chithunzi chotere imani. Dzanja lidzafuna kuwonjezera ndime yolangiza, likanizeni. Ngati mukufuna kutseka mwa chikhalidwe, mawu otsekera nthano aja oti yathera pomwepa akukwanira.

Sitepe 9: Igonekeni, kenako iwerengeni mokweza

Isiyeni masiku atatu osaiyang'ana. Tsiku lachinayi dzijambuleni pafoni mukuiwerenga, mumvetsere. Pomwe lilime lapunthwa pali chiganizo chofunika kukonza. Pomwe mwayamba kuthamanga kuti mudutsepo msanga pali ndime yofunika kuchotsa.

Kenako sonkhanitsani omvera anu. Muziyang'ana nkhope zawo, makamaka ya mwana uja. Mukamaliza musafunse kuti "yakoma?", chifukwa anthu a kwathu ndi aulemu, adzavomera. Funsani kuti, "Yusufu uja adali munthu wotani poyamba, nanga pomaliza?" Tulutsani kapepala kanu mufananize. Akanena zofanana ndi zomwe mudalemba, ngakhale m'mawu ena, nthano yapsa. Akanena zina koma zomveka, musakhumudwe, mwina nthano yakula kuposa kapepala. Akangoti duu, bwererani ku sitepe 4.

Ngati mukuiika pa Facebook kapena kuitumiza pa WhatsApp, kumbukirani kuti owerenga ali pafoni ndipo bandulo ikutha. Khalidwe la munthu wanu lioneke m'ndime yoyamba, chodabwitsa chisapitirire ndime yachinayi.

Zolakwika zofala

Kusandutsa matsenga kukhala ufiti wa nkhalamba. Ichi ndimachikana ndi mtima wonse. Nthano zambiri zimene ndimalandira zimakhala ndi gogo wamaso ofiira wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, amene ndiye gwero la zoipa zonse. M'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa chifukwa cha maganizo omwewa, ndipo lamulo lokhudza za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mwana amene wawerenga nthano yanu mawa adzadutsa pakhomo pa gogo weniweni. Chimodzimodzinso anthu achialubino ndi aulumali: thupi la munthu lisakhale chizimba kapena chizindikiro cha tsoka m'nthano yanu. Ikani mphamvu m'chinthu, m'madzi, mumtengo, ndipo vuto likhale mumtima wa mpangankhani wanu. Nthano imakomanso kwambiri motero, chifukwa munthuyo sakhala ndi wina womuloza chala.

Kumaliza ndi maloto. "Kenako adadzidzimuka, adali maloto chabe." Wowerenga wayenda nanu ulendo wonse, ndiye mukumuuza kuti palibe chidachitika. Ngati mukuopa kuti anthu a kumpingo kapena kumzikiti akuonani molakwika, dziwani kuti mawu akuti "padangokhala" adauza kale aliyense kuti iyi ndi nthano.

Chilango chopitirira mlandu. Mtsikana wanama kamodzi, ng'ona n'kumudya. Wakufa sasintha, ndipo nthano yathu ndi ya kusintha.

Kusintha kwa tsiku limodzi. Munthu woumira zaka 30 sadzuka m'mawa n'kugawa boti lake. Kusintha kukhale kwakung'ono kooneka ndi maso, ngati thumba lija.

Kubwereka za kunja zomwe simudazionepo. Nyumba za mafumu zamiyala, chipale chofewa ndi malupanga owala zili ndi eni ake amene amazidziwa bwino. Inu muli ndi milambe ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, nkhwazi yolira m'mawa, nyali za asodzi zondandalikana panyanja usiku ngati mudzi woyandama, ndi fungo la usipa pathandala. Izi wolemba wa ku London sangazilembe kukuposani.

Nyimbo yopanda ntchito. Nyimbo m'nthano ndi yabwino, koma ibwere pomwe lamulo latsala pang'ono kuphwanyidwa, ndipo ikabwerezedwa kachitatu mawu amodzi asinthe. Ipekeni nokha, ya mizere iwiri kapena itatu yoti omvera athe kuvomera.

Kugwiritsa ntchito dzina la munthu weniweni wa m'mudzi mwanu, kapena kumujambula moti aliyense amuzindikire. Ngati khalidwe mwalitenga kwa mnansi wanu wogulitsa nsomba, mpangankhani wanu akhale telala kapena wakabaza, asamukire doko lina, ndipo dzina mumupatse lina musanawerengere munthu aliyense.